Nyali Yokana Chipewa

"Uiveke chipewa nyali yakoyo, iziyang'ana pansi. Ndanena ine."

Masana sanadzutse n'komwe mutu. Anali atanyonyomala pakhomo pa shedi yake yowotchereramo zitsulo, magalasi akuda ali pamphumi, akupala dzimbiri pa chitsulo cha geti ya munthu wina.

"Amayi, mwayamba m'mawa. Tiyi mwamwa koma?"

"Tiyi andithandiza chiyani ine wosagona? Taona mkono uwu." Mayiwo anapinda dzanja la bulauzi n'kuonetsa pamene panathimbirira. "Zala za bambo ako izi. Munthu amene sanandikwezereko dzanja chikwatirane, lero akundipotokola ngati nkhuku chifukwa cha dzuwa lako labodzali."

Dzina loti Masana silinali lobadwa nalo. Anamupatsa anthu a mumzere wa nyumba umenewo sabata imene anaimika mzati wachitsulo pakati pa bwalo, wautali kuposa mitengo yonse, n'kupachikapo nyali yoyera ngati mphezi yoiwala kuzima. Akuba anali atamubera makina owotcherera, ndiye mkwiyo wake wonse anaukweza pamzati paja. Nyaliyo sanaiweramitse. Anaiyang'anitsa kutali, kuti aliyense wodutsa pamsewu adziwe kuti pano pali mwamuna.

Mayi akenso anali ndi dzina lawo lopatsidwa: a Ndanena. Ankaopa chilichonse, mpeni wosiyidwa chagada, mwana wothamanga ndi supuni m'kamwa, waya wolendewera, ndipo chenjezo lililonse ankalitseka ndi mawu omwewo. Zambiri mwa zimene ankaopa sizinkachitika. Apa mpamene pali tsoka la munthu wochenjeza kwambiri: tsiku limene wanena zoona, makutu a anthu amakhala atamera kale chikanga.

"Chaka chatha munati firiji itiphulikira," anatero Masana. "Tikadali moyo."

"Seka. Galu wamkota sakandira pachabe."

"Nanga ndizimitse kuti adzandiberenso? Mudzadya nyenyezizo?"

"Ndani wati uzimitse? Ndati chipewa. Malata ali mbwee m'shedi umu, manja uli nawo. Kuwala kugwe pamakina akopo, kumwamba ukusiye. Kumwamba sikwako, mwana wanga, unakupeza."

Nkhani yake inali ya bambo ake a Masana, amene aliyense ankawatcha a Uvuni. Moyo wawo wonse anagwira ntchito yophika buledi, ndipo ndiwo ankayamba kufika kukakoleza moto anzawo ali m'tulo. Wotchi sankaikhulupirira. Ankati wotchi imafa batire, koma nthanda, nyenyezi yaikulu ija yotsogolera m'bandakucha, sinamwalirepo. Tsopano mutu wawo unali utabwerera kumbuyo. Dzina la mdzukulu analiiwala, mpongozi wawo ankamupatsa moni ngati mlendo, koma ntchito sanaiiwale. Usiku uliwonse ankadzidzimuka, kuvala chipewa chawo choyera chophikira, n'kulunjika kukhomo.

Kwa zaka zingapo a Ndanena anali ndi mankhwala ake. Sankalimbana nawo. Ankawagwira pachigongono, kutuluka nawo pakhonde, n'kuloza kumwamba.

"Onani, bambo. Nyenyezi zikadali waa. Mlalang'amba uwo uli pamutu. Nthanda yatuluka?"

A Uvuni ankayang'ana kum'mawa nthawi yaitali, kenako n'kupukusa mutu. "Sinatuluke. Sikunache." Ankavula chipewa okha n'kukagona, ndipo nthanda ikamatuluka inkawapeza ali mkonono.

Kuwala kwa m'tauni kunali kutadya kale mbali imodzi ya thambo, koma pamwamba pa nyumba yawo nyenyezi zinalipobe zokwanira kugoneka nkhalamba. Nyali ya Masana inamaliza zotsalazo. Usiku woyamba a Uvuni atatuluka anapeza bwalo lili mbee, kumwamba kuli mbuu ngati mkaka wothira madzi.

"Zazima! Nyenyezi zazima, kwacha! Ndachedwa, uvuni sindinakoleze, andichotsa ntchito!"

Kuyambira pamenepo, usiku uliwonse inali nkhondo.

Mpongozi, mkazi wa Masana, anali munthu wofatsa wosakonda phokoso. Anabwera ndi bulangete lochindikala n'kulikhomera pawindo la apongozi akewo.

"Mwina lithandiza, amayi."

"Wachita bwino, mwana wanga, koma bambo akowa sakhulupirira windo. Amafuna aone kumwamba ndi maso awo. Ukalankhule ndi mwamuna wako. Iwe amakumvera."

"Ine? Ndinayesa. Akuti kodi ndakwatiwa ndi iwo kapena ndi inu."

Masana anabweretsa loko wamkulu. "Muzikhoma chitseko, nkhani ithe." Anakhoma usiku umodzi wokha. A Uvuni atapeza chitseko sichikutseguka analira ngati mwana, n'kumenya galasi la pawindo ndi chibakera. Kunacha mpongozi akuwamanga bandeji, a Ndanena akutola magalasi.

"Lokoyu tenga ukakhomere nyali yako," anatero a Ndanena akumuponyera Masana pamapazi. "Iwe wowotcherera mageti a anthu, pakhomo pako palibe ndi geti lomwe. Tsiku lina bambo ako adzafika pamsewu waukulu galimoto zikuthamanga. Udzawaona bwinobwino, poti nyali uli nayo."

"Amayi, musandilodze ndi pakamwa."

"Wakutsina khutu ndi mnansi. Iwe powotcherera umavala magalasi akudawo chifukwa chiyani? Si chifukwa kuwala kukachuluka kumapha maso? Nanga ife watipatsa magalasi?"

Masana anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene mawu amulasa. Anatsitsa magalasi kumaso n'kuyatsa makina, phokoso n'kumeza zotsalazo.

Sabata yotsatira kunabwera atelala, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, tepi yoyezera ili m'khosi, maso ali psuu.

"Achimwene, ndabwera ndi mlandu wa tambala wanga."

"Watani tambala?"

"Wapenga. Akulira usiku wonse, mawu mpaka asasa. Dzulo wagwa pamtanda ndi tulo masanasana, nkhuku zazikazi zikumuseka. Ine ndemwe ndasoka thumba la buluku la kasitomala kumbuyo kwa bondo. Kuchipinda kwanga ndikutha kulowetsa ulusi pasingano pakati pa usiku osayatsa kanthu."

"Ndiye muzindithokoza, ndakupulumutsirani ndalama ya magetsi."

"Ndikuthokozani ndikagona. Mwana wanga wamng'ono anandifunsa kuti nyenyezi za m'buku la kusukulu zija zimapezeka dziko liti. Ndinasowa choloza."

"Chitukuko chimenecho, mayi. Walira mvula walira matope. Mukufuna tizikhala mumdima ngati mileme? Anthu atatu andiuza kale kuti ndiwapangire mizati yawo. Chaka chino mzere wonse uno usiku tiuthamangitsa."

A Ndanena, amene ankachapa malaya a amuna awo pafupi, anasiya kufinya. "Ukathamangitsa usiku, anthu otopa adzagona kuti?"

"Amayi, inu ndi atelala mupange bungwe."

Atelala anachoka akupukusa mutu. "Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anatero ali pampanda wa maluwa, mokweza kuti amve.

Koma mayi wamantha sakhala manja lende. A Ndanena anayendayenda pabwalo madzulo ena, akuyang'ana kumwamba ngati munthu wofuna pamene denga likudontha, mpaka anapeza malo. Kuseri kwa shedi, pamene panayambira kanjira kopita kubwalo la mpira, khoma linkatchinga nyali ija. Mthunzi wake unali wakuda bii, wakuda kuposa usiku wakale, pakuti mdima wokhala pafupi ndi kuwala umakhala wolusa. Munthu ukaima pamenepo n'kudikira maso azolowere, nyenyezi zingapo zinkatulukira, zofooka ngati odwala, koma zinalipo.

Usiku umenewo anawatsogolera a Uvuni kudutsa pabwalo powala, atawaphimba kumaso ndi chipewa chawo chomwe, mpaka kuseri kuja.

"Dikirani pang'ono, bambo. Musathamange. Onani tsopano."

Nkhalamba inayang'ana, n'kupuma mozama. "Zilipo. Zachepa bwanji? Koma zilipo. Sikunache."

Kwa masiku angapo pakhomo panali mtendere. A Ndanena anayambanso kudya bwino. Cholakwa chawo chinali chimodzi: anakamba. Anauza mpongozi mokondwa, mpongozi n'kuuza mwamuna wake poganiza kuti amusangalatsa.

M'mawa mwake a Ndanena anamva khasu likulira kuseri kwa shedi. Anapeza Masana atavula malaya, akukumba dzenje lopapatiza, lakuya mpaka m'chiuno, pakati penipeni pa kanjira kaja.

"Ukukumba chiyani?"

"Mwandithandiza, amayi. Sindinkadziwa kuti kuno kwatsala mdima wotere. Wakuba akhoza kukhala pano n'kuphika tiyi ine osamuona. Pabwera mzati wachiwiri."

A Ndanena anagwira khoma.

"Bwalo lonse ndakusiyira. Msewu watenga, mawindo a anthu watenga. Kachigamba aka kokha, kokwana nkhalamba ziwiri kuimapo, nakonso ukukafuna?"

"Madala akufunika chipatala, osati nyenyezi."

"Kuchipatala tinapita, unatiperekeza ndiwe. Anati mankhwala obweza mutu kulibe, muziwasunga mofatsa. Mankhwala amene ndinawapeza ine ndi aulere, ali kumwamba, ndipo iwe ukuwathira penti. Bambo ako anakulera ndi nthanda imeneyo. Ankadzuka iwe uli m'tulo kuti upite kusukulu yophunzira zitsulozi."

"Musandiwerengere zimenezo, ndimawasamala. Akudya chiyani? Akugona m'nyumba ya ndani?"

"Akugona? Wawaona liti akugona?"

Masana anaponyanso dothi kunja.

"Chabwino. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Koma dzenjeli ulivundikire. Ikapo lata, ikapo thabwa. Dzenje la pamthunzi lilibe m'bale."

"Mzati ndiimika mawa. Likhala usiku umodzi wokha."

"Tsoka silifuna usiku uwiri. Ndanena ine."

Mawa lake simenti sinabwere. Mkuja wake kunabwera kasitomala wa geti akukalipa, Masana n'kutanganidwa. Dzenje linakhala chotsegula kukamwa. A Ndanena anayesa kukokerapo lata lakale, koma Masana analichotsa masana omwewo, akuti likufunika pa ntchito. Choncho usiku uliwonse ankawadutsitsa amuna awo m'mbali mwake pang'onopang'ono, akuwanong'oneza, "Kumanzere, bambo, khomali muligwire." Pogona ankamanga chingwe, nsonga ina padzanja lawo, ina pa lamba wa a Uvuni, kuti akangodzuka awamve.

Anaiwala chinthu chimodzi. Zala zimene zamasula matumba a ufa moyo wonse siziiwala mfundo, ngakhale mutu utaiwala dzina la mwana. Ndipo thupi la mayi wokalamba amene sanagone bwino kwa masabata limadzatenga ngongole yake tsiku lina osapempha.

Anadzidzimuka chingwe chili lende padzanja. Pabedi panali pozizira. Pamsomali chipewa choyera panalibe, chitseko chili pululu.

"Mayo! Masana! Bambo ako!"

Masana anatuluka ndi kabudula yekha, mkazi wake ali pambuyo. Bwalo lonse linali mbee, moti ukanatha kutola singano, koma munalibe munthu. Kupitirira pamene kuwala kunkathera sikunkaoneka kanthu, khoma lakuda lokhalokha kuzungulira. Masana anatchinga maso ndi dzanja, kuyang'ana uku ndi uku, nyali yake ikumubaya m'maso. Kumsewu waukulu kunadutsa lole ikulira hutala.

"Kumsewu! Ndithamangire kumsewu!" anakuwa Masana.

"Yamba kuseri kwa shedi, ndi kumene anazolowera! Koma pita pang'onopang'ono, dikira maso..."

Sanadikire. Anathamanga ngati mnyamata, kuchoka powala n'kulowa mumthunzi muja maso ali odzaza ndi nyali. Kunamveka phokoso ngati nkhuni youma ikuthyoka pabondo, kenako kukuwa kumene a Ndanena anali asanakumve chibadwire mwana wawoyo.

Anthu anatuluka m'nyumba zawo. Anamupeza mwendo umodzi uli m'dzenje mpaka m'ntchafu, thupi litagwera kutsogolo, mwendowo utapindika pamene sipapindika. Amuna awiri anamukoka n'kumugoneka chagada pakanjira.

"Ndisiyeni ine," ankalira, mano ali gwa. "Bambo anga! Kafuneni bambo anga!"

Anthu anabalalika, koma aliyense akayang'ana kutali ankangoona mdima, akacheuka nyali inkamuthira khungu. Ankagundana okhaokha, kuitana, kutukwana miyala. Ndi atelala amene anakuwa mawu amene anthu akuwakambabe mpaka lero:

"Zimitsani nyaliyo tione!"

Mpongozi anayang'ana mwamuna wake. Mkaziyo anathamangira m'shedi, ndipo kunamveka kuti thapu.

Mdima unagwa ngati bulangete. Wina anati, "Nanga tsopano?" A Ndanena anati, "Khalani chete, dikirani. Maso ali ngati mwana wamanyazi, sabwera ukamamukoka."

Anadikira. Pang'onopang'ono madenga anayamba kuoneka, kenako mitengo, kenako kanjira koyera kolowera kubwalo la mpira. Kumwamba nyenyezi zinayamba kubwera, imodzi, zisanu, kenako zosawerengeka, mpaka mlalang'amba unayala msana wake kuchokera mbali ina kufika ina. Mwana wa atelala, amene anatuluka atakulunga nsalu ya amake, anagwira dzanja lawo n'kufunsa monong'ona ngati zinalipo masiku onse.

"Uko!" anatero mpongozi.

Kutsidya kwa bwalo la mpira kunali kadontho koyera, kosasuntha.

A Ndanena sanalole wina kuwatsogolera. Anayenda okha, mapazi akufunsa nthaka asanaponde, monga amayendera anthu amene anakula usiku ukadali usiku. A Uvuni anali atakhala pamwala, chipewa chili bwinobwino pamutu, manja pamaondo, nkhope kum'mawa. Dzenje lija analilambalala atagwira khoma, monga ankachitira masiku onse. Anangoyenda kuthawa kuwala mpaka pamene thambo linawabwerera, ndipo atafika pamenepo anaona kuti palibe chothamangira.

"Bambo."

"Mwadzukiranji usiku uno, mayi? Onani. Sinatuluke."

"Sinatuluke, bambo."

"Ndiye phokoso lonseli n'lachiyani? Anthu a kuno sadziwa kugona?" Anaimirira n'kuwapatsa chigongono. "Tiyeni. Mawa ndili ndi ntchito."

Podutsa pakanjira paja anapeza Masana akadali chagada, anthu akumumangirira mwendo kumatabwa podikira galimoto. Munthu wogona chagada alibe kwina koyang'ana. Maso ake anali kumwamba, misozi ikutsikira m'makutu. A Uvuni anaima, n'kumuyang'ana mwachifundo ngati mwana wa eni.

"Achimwene, musagone panja, mudzadwala chifuwa. Kukadali usiku uku."

"Ndamva, bambo," anatero Masana.

Anthu onse anatembenukira kwa a Ndanena, kudikira mawu awo aja. Sanawanene. Anavula mpango wawo n'kuupinda pansi pa mutu wa mwana wawo.

Fupa linathyoka pawiri. Masana anakhala m'chikhakha mpaka mvula inayamba, ndipo atachotsa, mwendowo unapezeka wafupika. Anthu atatu a mizati aja sanabwerenso. Chipewa cha nyali anachiwotcherera atakhala pampando, chozungulira bwino ngati beseni, pakuti manja ake anali aluso ndithu. Koma kukwera pamzati sakanathanso. Anachita kupempha mwamuna wa atelala, iye ataima pansi ndi ndodo, akuloza. "Weramitsani. Weramitsaninso. Iziyang'ana pamakina pokha."

Dzenje lija analikwirira ndi mpongozi, a Ndanena n'kupondapondapo ndi mapazi awo kuti atsimikize.

Masiku ano mukadutsa mumzere umenewo madzulo, mudzaona kuwala kozungulira pakhomo pa shedi, kwina konse kuli usiku wabwinobwino, ndipo tambala wa atelala analeka misala. Mudzaonanso bambo wina akuyenda mopendekera kumanzere, phewa limodzi pansi, ngati munthu wosenza chitsulo chosaoneka. Musadzamuitane Masana, sadzacheuka. Anthu a kumeneko pakamwa pawo sipagona. Kuyambira tsiku limene anataya ndodo n'kuyamba kuyenda yekha, amamutcha a Dzuwa Lapendeka.